Aphungu akapita ku Mpemba ndi ku Chilwa, azikayang'ana chiyani?

WakuThondwe: Abale, lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati mwana wolakwira malamulo asaponyedwe kundende, apite kumalo osinthira khalidwe. Nanga amaona ndani ngati ku Mpemba ku Blantyre ndi ku Chilwa ku Zomba kuli antchito okwanira, komanso ngati ana akudya? Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yanji pamenepa?

Mlangizi: Malo awiriwo ali m'manja mwa unduna woona za ana, osati nthambi ya ndende. Komiti ya aphungu ili ndi mphamvu yoitana mlembi wamkulu wa undunawo kuti adzayankhe. Koma asamangofunsa ndalama zomwe zinavomerezedwa mu bajeti. Afunse zomwe Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, inatulutsadi mwezi ndi mwezi, chifukwa ndalama za ORT, zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zikachedwa, choyamba kusowa ndi ufa, sopo ndi mafuta a galimoto yotengera ana kukhoti kapena kuchipatala.

MayiWaChisomo: Zoona, bambo. Ndiponso asamalengeze tsiku lopita. Akalengeza amapeza posesasesa, ana atasamba, mumphika muli nyama. Afike madzulo, awerenge antchito amene akugona pamalopo usiku umenewo, ayerekeze ndi mipando yonse imene boma linavomereza. Mlonda asawerengedwe ngati wolera ana, ntchito zake n'zosiyana. Akatero alowe musitolo, buku lolembamo katundu lili m'manja, aone ngati matumba a chimanga ndi nyemba akugwirizana ndi zolembedwazo. Kogona awerenge mabulangete ndi matiresi, ayang'anenso m'mipata ya zala za ana: mphere simanama, ikachuluka ndiye kuti madzi kapena sopo kulibe, ndipo ana akufunda bulangete limodzi angapo. Ndi anawo alankhule paokha, woyang'anira atatuluka.

Paralegal_LL: Musaiwale nkhani ya zaka. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, koma wopanda chiphaso cha kubadwa sachedwa kulembedwa 18 kupolisi, n'kupezeka ali ndi akuluakulu. Mu 2018 Khoti Lalikulu linalamula kuti ana achotsedwe kundende za Bvumbwe ndi Kachere. Choncho aphungu aziwerenganso malipoti a Inspectorate of Prisons, bungwe loyendera ndende, ndipo pa mwana aliyense azipempha kalata ya khoti yomusungira pamalo pomwe ali, aone deti lake, afunsenso kuti Child Case Review Board, komiti younika nkhani za ana osungidwa m'malo otere, inaunika liti fayilo yake komaliza.