Kuboola mahedi a Harley kuti ndiike compression release, alipo anachitapo?

Sipanala13, Germiston

Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Ndimagwira pa galaja ina ya njinga zamoto kuno ku Germiston, ndipo pakali pano ndili ndi Harley-Davidson Road King ya 2003, ija ya injini ya Twin Cam 88. Mwini wake anakaikulitsa kwina. Masilinda anawakuza kufika pa 95, ndiye kuti kuchoka pa 1450cc kufika pa 1550cc, anaika mapisitoni otukuka pamsana a 10.5:1, gasiketi ya hedi n'kuika yopyapyala ya 0.030 inchi. Makamu ndi aja okokera pansi, otseka msanga valavu yolowetsa mpweya.

Ikaliza, njingayi imakoka zoopsa. Vuto ndi kuliza kwakeko. Kuno imaliza ndithu ngakhale mokakamiza, koma mkuluyu akuti atapita nayo ku Durban anaima pomwetsera petulo, ndipo pobwerera sitata inangoti ngwii, ngwii, kenako kho! Injini inabwezera m'mbuyo, utsi n'kutulukira ku fyuluta ya mpweya. Anachita kumukankha anyamata othira mafuta, chinjinga choposa makilogalamu 300. Wabwera ali wolusa, akuti timuikire ma compression release aja odina ndi chala, timavalavu totulutsa mpweya wina mu silinda poliza kuti sitata isalemedwe.

Ndayeza kompuresheni injini ili yotentha, mapulagi onse awiri nditachotsa, throttle nditatsegula yonse. Kutsogolo 180 psi, kumbuyo 178. Kwa ine manambala amenewa si oti munthu n'kuboolera hedi. Komano bwana wanga walandira kale ndalama, akuti pofika Lachisanu ikhale itatuluka. Pagalaja pathu tilibe makina a milling, tili ndi dirilo ya pa mzati basi. Ndingaboole ndi imeneyi? Bowolo limakhala pati kwenikweni? Ndiponso ndaona kuti timavalavu ta pa makina ochekera mitengo, a Stihl ndi Husqvarna, tikufanana kwambiri ndi timeneti ndipo n'totchipa. Tingagwire?

Mdala_wa_Lathe, Durban

Mphwanga, geji yako sikunama, koma ikukuuza za ku Germiston. Johannesburg, yoyandikana ndi Germiston, ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja. Mpweya wa kumeneko umakankha cha m'ma 82 kPa, pamene kuno ku gombe ndi 101. Pisitoni imapanikiza mpweya umene yaupeza, ndiye ukapeza 180 uli kumtundako, njinga yomweyo ikatsikira kuno iwerenga cha m'ma 215 kapena 220. Pa Twin Cam ambiri timayamba kukamba za compression release tikadutsa 190 kapena 200. Mkulu wakoyo sakukokomeza ayi. N'chifukwa chomwecho kwanuko amagulitsa petulo wa 93 pamodzi ndi wa 95, kuno kunyanja timangodziwa 95.

Injini ikatentha zimanyanya chifukwa maring'i amatseka bwino, sitata nayo yatenthedwa ndiye mphamvu zake zachepa. Pisitoni ikamakwera mwaulesi chonchi, moto umayaka isanadutse pamwamba, n'kuikankhira komwe yachokera. Kho amene anamumvayo ndi ameneyo, ndipo amene amalipira ndi kalachi ya sitata ndi mano a ring gear.

Tsono za dirilo ya pa mzatiyo, iwalako. Ndikuuze momwe timachitira kuno kuti uone wekha.

Hedi imachotsedwa pa njinga, imatsukidwa, n'kumangidwa pa jigi yoigwira mopendekeka pa ngodya yoyenera. A JIMS amapanga jigi ya ntchito imeneyi. Bowo limakhala pafupi ndi la pulagi, mbali yomweyo, kuti chala chizifikapo thanki isanachotsedwe. Choyamba timadya pang'ono zipsepse zoziziritsira zija ndi kusalaza malo pomwe wachala ya kavalavuko idzakhale. Malo amenewo akapendekeka ngakhale pang'ono, kavalavuko kazidzapuma m'mbali moyo wake wonse. Kenako timaboola bowo lalikulu koma osatulukira mkati, n'kudula mazinga a 10 mm x 1.0, hedi isanasunthidwe pa makina kuti tapu ilowe mowongoka. Pomaliza ndiye timaboola kabowo kakang'ono kwambiri kuchokera pansi pa bowo lija kukatulukira m'chipinda choyakira moto.

Kabowo komalizaka ndi kamene kamapha mahedi. Mkatimo malo ndi ochepa: uku mazinga a pulagi ya 12 mm, uku mpando wa valavu umene anachita kukhomera mu aluminiyamu. Dirilo yopyapyala ikalowa pa malo opendekeka imatsetsereka n'kupita komwe yafuna. Ukayandikira kwambiri mpando wa valavu, chitsulo chotsala pakatipo chimang'aluka ndi kutentha, ndipo tsiku lina mpandowo udzagwera pa pisitoni njinga ili pa liwiro. Ukamaliza, pakamwa pa kabowoko mkati muja uyenera kusalaza bwino. Kachitsulo kosongoka kakatsala pamenepo kamafiira n'kumayatsa petulo pulagi isanathethe.

Tenga mahediwo upite nawo kwa anthu a makina amene anagwirapo a Harley, ali mbwee ku East Rand konko. Uwafunse ngati jigi ali nayo. Akayamba zoti "tiona mmene tichitire", nyamula katundu wako.

Wa_pa_Chigayo, Mponela

Inu a ku Joni mwaonjeza, njinga mpaka kuchita kuiboola mutu kuti ilize? Kuno ma Boxer ndi ma Lifo athu a kabaza ngakhale mwana wa sitandade 5 amaponda kiki n'kuliza.

Koma nzeru yakeyo si yachilendo. Ine ndakulira pa chigayo cha dizilo cha silinda imodzi. Dzanja lamanzere umagwira kachitsulo kotsegula valavu, lamanja n'kumapukusa handulo mpaka fulaiwilo itathamanga, kenako umasiya kachitsuloko injini n'kugwira moto. Ukayesa kupukusa osatsegula, handulo siidutsa, ndipo ikabwezera imatha kukuthyola mkono kapena kukugulula mano. Yamaha XT500, ija inayamba kugulitsidwa mu 1976 n'kupambana mpikisano woyamba wa Paris-Dakar mu 1979, nayonso ili ndi kachitsulo kotero pa handulo, kamene kamakankha valavu ya ekizozi kuti mwendo udutse. Funso langa kwa akatswiri: bwanji pa Harley osangopanga zomwezo, kukankha valavu yomwe ilipo kale, m'malo moboola hedi ya eni ake?

MaiKamu, Pretoria

Achimwene a ku Mponela mwafunsa funso labwino kuposa mmene mukuganizira. Njira imeneyo ilipo. A kampani ya S&S amapanga makamu otchedwa Easy Start. Pa kamu pali kachitsulo kolemera kokhala ndi sipuling'i. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono ndi sitata, kachitsuloko kamatukula valavu ya ekizozi pang'ono chabe, mpweya wina n'kuthawa. Injini ikangoliza, liwiro limakaponyera kunja, valavu n'kuyamba kutseka monga mwa nthawi zonse. Palibe kuboola, palibe chodina. Njinga zambiri za ku Japan za silinda imodzi yaikulu zili ndi zoterezi pa kamu kuchokera ku fakitale.

A Sipanala13, ine ndikanayamba ndaganizira zimenezi, pa chifukwa china chimene simunachitchule. Twin Cam za zaka za 1999 mpaka 2006, kupatula Dyna ya 2006, zili ndi tizidendene ta pulasitiki tokungira tcheni cha makamu, tokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo timadyeka. Ka mkati sikaoneka bwino mpaka mutatsegula. Pa njinga ya 2003 muyenera kusuzumiramo basi, ndiye ngati mutsegula kale chipinda cha makamu, kusintha makamuwo si ntchito ina yaikulu. Komanso kamu yochedwa kutseka valavu yolowetsa mpweya imatsitsa yokha kompuresheni ya polizira, chifukwa pisitoni imayamba kupanikiza itakwera kale pang'ono. Amene anasonkhanitsa injiniyi anaphatikiza mapisitoni a 10.5:1 ndi kamu yotseka msanga. Kavalavu kodina kathandiza poliza pokha. Injini ikaliza kamatseka, kompuresheni yonse ija n'kubwerera, ndipo pa chitunda dzuwa likuswa mtengo mudzamva injini ikulira ngwengwengwe. Mufunseni mwini wakeyo ngati sanamve zimenezo ku gombe.

A Harley eni ake anaika yawo yamagetsi, ACR, pa injini za 110 kuyambira 2007, kenako pa za 103. Imeneyo imatseguka yokha mukadina sitata ndipo imatayira mpweya mu njira ya ekizozi. Koma kuiika pa hedi ya 2003 ndi kuboola kwina kovuta kuposa uku, kuwonjezapo mawaya. Sindingakulimbikitseni.

Musanagwire sipanala, yezani batire ili pa ntchito. Ikatsika kudutsa 9.6 V pamene sitata ikuzungulira, yambani mwathana ndi zimenezo.

Sipanala13, Germiston

Zikomo nonse. Madala a ku Durban, za kutalika kwa malozo zandimasula, chifukwa ndimalimbana ndi bwana wanga kuti kasitomalayu akungofuna zokongoletsa.

Mayi a ku Pretoria, ndayeza. Batire ikutsika kufika 10.1 V, ndiye ilibe mlandu. Waya wa nthaka pomwe wamangidwa pa fulemu panali dzimbiri lobiriwira, ndapala ndi sandipepa, ndipo sitata yapepukirako pang'ono. Ndatsegulanso chivundikiro cha makamu. Kachidendene ka kunja kadyeka kupitirira theka, tcheni chajambula mizere iwiri yakuya mu pulasitikimo, ndiye ka mkati sindikukayika. Timeneto tisintha.

Za makamu ndamuimbira mwini wake. Wakana. Akuti amakonda mmene njinga imakokera akangotsegula pang'ono, ndipo mtengo wa makamu atsopano pamodzi ndi kutchunanso injini wamuopsa. Kulira kuja wavomera kuti anakumva pokwera chitunda cha Van Reenen pobwerera kuchokera ku Durban, ndiye tagwirizana kuti tibwezako moto pang'ono ndipo asiyiretu petulo wa 93. Ine ndikanakonda makamu, koma njinga ndi yake. Mahedi ndachotsa, apita mawa kwa munthu wina wa makina amene wandionetsa jigi yake pa foni. Lachisanu la bwana wanga lija lasanduka Lachitatu la sabata ya mawa, ndipo nkhope yake sikuoneka bwino.

Za timavalavu ta makina ochekera mitengo tija palibe wandiyankha.

Mdala_wa_Lathe, Durban

Tambiri mwa timeneto mazinga ake ndi omwewo a 10 x 1.0, ndiye kulowa tilowa, ndipo alipo amene amaika. Ine pa njinga ya kasitomala sindiika. Tinapangidwira silinda ya 70cc kapena 90cc, pamene iwe silinda imodzi ndi 775cc. Kavalavu kameneka kamatsekedwa ndi kuphulika koyamba kwa moto, ndiye kakakhala kofewa kamadzitsekera kokha ndi kompuresheni injini isanalize, phindu lake n'kutha. Mutu wakenso nthawi zambiri ndi wa pulasitiki, ndipo hedi ya kumbuyo ya Harley pa mzere wa magalimoto imatentha moti sungaikhudze. Gula topangidwira njingayo.

Mahedi akabwera, usakhulupirire kuti atsuka. Tsuka wekha ndi sopo ndi madzi otentha, upemerere mphepo m'kabowo kaja mpaka uone kuwala mbali inayo. Pomanga paka Copaslip, girisi uja woletsa zitsulo kumamatirana, pang'ono pa mazinga, ndipo usakoke ngati ukumanga wilo, ndi aluminiyamu ameneyo.

Mwini wakeyo umuuze kuti azidina tonse tiwiri nthawi iliyonse asanalize, kaya injini yazizira kaya yatentha. Tikakhala osagwiritsidwa ntchito timadzaza mwaye n'kuuma. Injini ikakana kuliza ulendo woyamba, adinenso, chifukwa kamodzi kangakhale katatseka kale. Kakuda pang'ono pa zipsepse pafupi ndi kavalavuko asadabwe nako, mpweya umatulukira pomwepo. Koma akamva psi psi psi injini ikuyenda, abwere nayo msanga, kakutayitsa. Ndipo ikatentha azidina atavala magolovesi.