Botolo lija layamba kuyimba

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene gitala yanga imangokhekhereza ndikamayendetsa khosi la botolo pa mawaya. Zikomo nonse amene munayankha.

Vuto linali dzanja langa. Ndinkakanikiza botolo mpaka kugunda mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala tija. Achimwene ena a ku Lizulu anandiuza kuti lizingoyandama, liziima pamwamba penipeni pa fureti, osati kumbuyo kwake, ndipo chala chamkombaphala chizikhudza mawaya pang'ono kumbuyo kwa botolo. Phokoso lija linatheratu. Ndachunanso mawaya kukhala D-G-D-G-B-D, ndiye pa fureti 5, 7 ndi 12 blues ikungotuluka yokha. Agogo atamva anaima pakhomo n'kunena kuti ameneyu ndi hauyani wa makedzana uja (dzina la kaimbidwe ka gitala kotereka), mtima wanga unachita kuti myaa.

Pa ukulele, kagitala kakang'ono ka zingwe za nayiloni, sizinakomebe chifukwa nayiloni sachedwa kuzimitsa mawu. Kuno ku Dedza m'mawa zala zikumauma ndi chisanu, ndikumayeserera masana.