Woyandikana naye wosowetsa mtendere m'nyumba za khonsolo ku England: eni nyumba amachitapo chiyani?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni. M'nyumba za khonsolo kapena za housing association (mabungwe obwereketsa nyumba zotsika mtengo) ku England, woyandikana naye akamasowetsa anthu mtendere, nyimbo mpaka mbandakucha, kutukwana pamasitepe, alendo ake kugogoda zitseko za eni usiku, eni nyumba amatsata njira yanji? Anthu amadandaula miyezi ndi miyezi osaona kusintha. Kodi angamutulutse m'nyumbamo?

Mbewe:
Mayi Nachisale, kutulutsa kulipo, koma lolamula ndi khoti lokha, ndipo khoti limafuna umboni. Nkhani zambiri zimafera pomwepa. Munthu amaimba foni atakwiya n'kunena kuti "phokoso ndi la tsiku lililonse", koma mawu amenewo woweruza sangagwire nawo ntchito. Chofunika ndi kabuku: tsiku, nthawi imene phokoso layamba ndi imene latha, mtundu wake, ndi chimene lakulepheretsani. Mwachitsanzo: "Lachiwiri, 1:40 mpaka 3:15 usiku, nyimbo kuchokera m'nyumba ya pamwamba, zimamveka kuchipinda chogona mawindo ali otseka, mwana anadzuka kawiri." Eni nyumba ambiri amapereka mapepala olembapo, ena amalandira mawu ojambulidwa kudzera pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa The Noise App.

Dandaulo likafika, ofesala wa nyumba amayenera kucheza nanu, kuona ngati muli pachiopsezo, n'kugwirizana nanu zoti zichitike. Kenako amayamba ndi zopepuka: kukalankhula ndi wosowetsa mtendereyo, kalata yochenjeza, mkhalapakati ngati nonse mwavomera, ndi pangano lolemba lotchedwa Acceptable Behaviour Contract. Panganoli munthu amasaina mwa kufuna kwake, koma akaliphwanya umakhala umboni kukhoti.

Nangozo:
Ndiwonjezere za malamulo. Lalikulu ndi Anti-social Behaviour, Crime and Policing Act la 2014. Limapatsa eni nyumba mphamvu yokapempha chiletso kukhoti, ndipo wamkulu wophwanya chiletsocho atha kukhala kundende mpaka zaka 2. Nyumba imene yasanduka malo ogulitsira mankhwala ozunguza bongo, apolisi kapena khonsolo atha kuitseka kwa maola 48, kenako khoti n'kulamula miyezi 3, yowonjezereka mpaka 6.

Pa kutulutsa pali njira ziwiri. Yodziwika kwambiri ndi ndime ya malamulo yolola kutulutsa munthu chifukwa cha khalidwe loipa, Ground 2 ya Housing Act 1985 kwa okhala m'nyumba za khonsolo, kapena Ground 14 ya Housing Act 1988 kwa a housing association. Apa woweruza amayeza ngati n'koyenera, ndipo kawirikawiri amaimika chigamulo kuti munthu asinthe kaye khalidwe. Njira ina, imene inabwera mu 2014, imagwira ngati khoti linam'peza kale wolakwa pa mlandu waukulu wochitikira m'deralo kapena anaphwanya chiletso. Amene angolowa kumene m'nyumba ya khonsolo nthawi zambiri amakhala pa miyezi 12 yoyesedwa, ndipo kumutulutsa n'kosavuta kuposa wokhazikika.

Chimene chimachedwetsanso nkhani ndi matenda. Ngati khalidwelo likuchokera ku matenda a m'maganizo, Equality Act 2010 imafuna kuti eni nyumba asonyeze kuti kutulutsa ndi njira yoyenera ndipo zina zopepuka zinakanika. Ine ndimaona kuti n'koyenera ndithu, koma sichifukwa chosiyira wovutitsidwayo yekha.

Chisi:
Achemwali, pali khomo limene ambiri salidziwa. Mukadandaula katatu m'miyezi 6 popanda chochitika chogwira mtima, muli ndi ufulu wopempha ASB Case Review (kuunikanso nkhani ya khalidwe losowetsa mtendere), imene poyamba inkatchedwa Community Trigger. Khonsolo, apolisi ndi eni nyumba amakakamizika kukhala pansi limodzi n'kuunikanso nkhaniyo. Samalani apa: dandaulo lililonse liperekedwe mwezi usanathe chichitikireni chinthucho, apo ayi atha osaliwerengera. N'chifukwa chake muzipempha nambala ya dandaulo nthawi zonse. Kufunika kophatikiza madandaulo kunaoneka pa imfa ya Fiona Pilkington ndi mwana wake ku Leicestershire mu 2007, banja limene linadandaula kambirimbiri koma nkhani zake zinkaonedwa ngati zosakhudzana.

Musiyanitsenso kudandaula za woyandikana naye ndi kudandaula za eni nyumba chifukwa chogona pantchito. Chachiwirichi chili ndi nthawi zake: ayenera kuvomereza kuti alandira m'masiku 5 ogwira ntchito, kuyankha m'masiku 10, ndipo mukakweza pa gawo lachiwiri, masiku 20. Mukapanda kukhutira, pitani kwa Housing Ombudsman, ofesi yoima payokha yomva madandaulo okhudza eni nyumba, ndi kwaulere.

Phokoso la mapazi, ana kusewera masana kapena makina ochapira nthawi zambiri saliwerengera ngati khalidwe loipa. Pamenepo pemphani eni nyumba kuti aone pansi pa nyumba ya pamwambayo, chifukwa matabwa opanda kapeti amakulitsa phokoso kwambiri.

Mbewe:
Zinanso ziwiri, Mayi. Musasiye kulipira lendi pofuna kuwakakamiza, mungasanduke inu wotulutsidwa. Ndipo musabwezere pomenya khoma kapena kukweza wailesi, chifukwa mnzanuyo naye ayamba kulemba kabuku kake. Akakuopsezani kapena kukutukwanani za khungu lanu, imeneyo ndi nkhani ya apolisi: imbani 999 ngati zikuchitika nthawi yomweyo, 101 ngati zadutsa kale, ndipo nambala ya mlandu imene akupatseniyo muitumize kwa ofesala wa nyumba tsiku lomwelo.