Kodi Amaritiri a ku Uganda anafera chikhulupiriro kapena ndale?

Mkhristu wa ku Namwera:
Abale ndi alongo, ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere. Pa Misa ya pa 3 June, pokumbukira Amaritiri a ku Uganda, bambo mfumu athu analalikira za Charles Lwanga ndi anzake, kenako anakhudzanso za katangale ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala. Titatuluka, mkulu wina wa mumphakati wathu anaima pansi pa mtengo wa mango nkhope ili gwa, nanena kuti guwa si nsanja ya msonkhano wa chipani. Ine ndinasowa chomuyankha. Kodi anyamata aja anafera chipembedzo chokha, kapena imfa yawo inali ndi ndale mkati?

Mphunzitsi wopuma, Mpondasi:
Mbale wanga, zinthu ziwirizi n'zovuta kuzilekanitsa. Mkatolika woyamba kuphedwa, Joseph Mukasa Balikuddembe, anali mkulu wa m'nyumba ya Kabaka Mwanga, ndipo anaphedwa mu November 1885 atadzudzula mfumuyo chifukwa chophetsa Bishopu James Hannington wa Anglican. Iye ankangotsata lamulo lakuti usaphe, koma m'makutu mwa mfumu mawu akewo anamveka ngati kugalukira ufumu. Anyamata amene anakulungidwa m'mphasa za bango n'kutenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886 nawonso sankafuna mpando wa munthu aliyense. Anakana zonyansa zimene mfumu inkawakakamiza, ndipo mfumu imene inazolowera kuti mawu ake sabwezedwa inaona kuti pabwera Mwini wina amene anyamata ake akumuopa kuposa iyo. Onse pamodzi, Akatolika 22 ndi Aanglican 23 anaphedwa m'njira zosiyanasiyana pakati pa 1885 ndi 1887.

Mayi wa ku Balaka:
Aphunzitsi anena zoona, ndipo ife sitiyenera kupita kutali. Pa 8 March 1992 ndinali mtsikana, ndipo ndimakumbukira mmene m'tchalitchi munakhalira zii pamene kalata ya maepiskopi inkawerengedwa, yonena za malipiro ochepa, anthu otsekeredwa popanda mlandu ndi mantha olankhula. Bishopu Alessandro Assolari wa dayosizi yathu ya Mangochi anali mmodzi mwa osayinira. Boma linati kalatayo ndi youkira, malo osindikizira mabuku a Montfort kuno ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Bambo anga anabisa kope lawo m'nkhokwe, pansi pa chimanga, ndipo amayi sankagona tulo. Nthawi imeneyonso ankati ansembe alowerera ndale, koma mu June 1993 tonse tinakaima pamzere wa referendamu.

Mkulu wa mpingo, Malindi:
Ndikugwirizana nanu, komabe nkhawa ya mkulu wa ku Namwera uja tisaitaye. Taonapo atsogoleri a mipingo akulandira maenvulopu nyengo ya kampeni, Lamulungu lotsatira n'kuyamba kutamanda amene wawapatsayo, ndipo munthu woona zotere sangalephere kukayika ulaliki uliwonse wokhudza boma. Balikuddembe anadzudzula mfumu imene inkamudyetsa, ndipo anadziwa chimene chidzamugwere. Funso limene ine ndingafunse bambo mfumu anuwo ndi lakuti: kodi mawu omwewo adzawanenanso chipani china chikadzalowa m'boma? Ndiponso kuno kwathu, kumene anansi athu ambiri ndi Asilamu, tikumbukire kuti bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) pamene linkayamba mu 1992 linali ndi Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Mankhwala akasowa kuchipatala, mwana wa shehe ndi mwana wa katekisiti amabwerera kunyumba ndi malungo omwewo.