Galu wa bwana walumidwa m'njira, akufuna kundidula malipiro

Woyendetsa wa ku Chilomoni

Anzanga oyendetsa agalu, ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Ndimayendetsa agalu a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, m'mawa ndi madzulo. Dzana m'mawa ndinali ndi Boerboel wa bwana wina limodzi ndi German Shepherd wa nyumba yoyandikana nayo, onse pa tcheni monga masiku onse. Titafika pa kanjira kotsetsereka pomwe anthu amatayapo zinyalala, kunatulukira agalu oyendayenda, wamkazi ali pa nthawi yake, amphongo akumulondola. Mmodzi anangolumphira Boerboel uja. Khutu linang'ambika, adokotala a ziweto asoka. Inenso dzino linandikala padzanja poleretsa, koma si bala lalikulu, timagazi tinatuluka pang'ono chabe.

Tsopano bwana akuti ndalama ya kwa dokotala aichotsa pa malipiro anga a mwezi uno chifukwa ndinadutsa njira yolakwika. Njirayotu anandionetsa ndi iwo omwe tsiku loyamba! Ikachoka ndalama imeneyi lendi sindilipira. Ndivomere? Nanga agalu oyendayendawa inu mumathana nawo bwanji? Njira ina ndi ya phula, ndipo akabaza a njinga zamoto amadutsa moti galu amadzidzimuka n'kuyamba kukoka.

Madala a ku Bangwe

Mwana wanga, vuto lako layambira pa agalu awiri nthawi imodzi. Boerboel wamphongo akakhwima amaposa makilogalamu 60. Dzanja lina lagwira iyeyo, lina lagwira German Shepherd, ndiye wachilendoyo umuthamangitsa ndi chiyani? Galu mmodzi, tcheni chimodzi, dzanja lina ndodo. Ine ndayendetsa agalu kuyambira ndili mlonda ku Sunnyside, sindinatengepo awiri.

Achemwali a ku Soche

Taimani kaye nonse, za ndalama zibwere pambuyo. Achimwene, mwati dzino linakukalani magazi n'kutuluka, ndipo zachitika dzana. Kuchipatala mwapita? Galu woyendayenda simukumudziwa, mwini wake simukumudziwa, khadi la katemera palibe. Chiwewe sichiona kukula kwa bala, chimalowa ndi malovu ngakhale pokalika chabe. Ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuopa madzi, kubwebweta, palibenso mankhwala, munthu amapita. Pitani lero ku Queens kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi mukafotokoze kuti munalumidwa ndi galu wosadziwika. Katemera wake si jakisoni mmodzi, amakuuzani masiku obwererako, ndipo musadumphe ngakhale limodzi. Ngati pamene mwapitapo katemera watha, funsani komwe ali, musabwerere kunyumba n'kukhala.

Woyendetsa wa ku Chilomoni

Achemwali, ndinatsuka ndi sopo nditafika kwa bwana, n'kupaka spiriti. Boerboel ali ndi khadi, anabayidwa chaka chino. Kungoti sindikudziwa kuti dzinolo linali la uti, zinachitika mwachangu.

Achemwali a ku Soche

Ndiye chifukwa chake mupite. Likanakhala la Boerboel ndithu, bwenzi tikuti galuyo amuyang'anire masiku 10, akakhala bwinobwino mtima ukhale pansi. Koma winayo mumuona kuti masiku 10 amenewo? Kutsuka mwachita bwino. A zaumoyo amati sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, osati kungosukuluza. Komabe kutsuka sikulowa m'malo mwa katemera. Muwauzenso bwana afunse adokotala a ziweto ngati Boerboel anamubaya wina woonjezera atalumidwa, chifukwa galu wobayidwa kale akalumidwa ndi wokayikitsa amafunika kubayidwanso. M'nyumbamo muli ana?

Mnyamata wa ku Ndirande

Amwene pepani. Ine zondionekera zinali ku Mount Pleasant ndi Rottweiler. Mayi wina ankadutsa ndi mwana kumbuyo, wamkulupo akuyenda pambali atanyamula chigumu. Galu anangofuna kununkhiza chigumucho, mwana n'kukuwa, n'kuthamanga, n'kugwa, bondo kusupuka. Galu sanamukhudze n'komwe. Koma anthu anasonkhana nthawi yomweyo, ena atola kale miyala, akuti galu waluma mwana. Amene anandipulumutsa ndi mlonda wa pageti lina yemwe anaona zonse, ndiye anayankhula. Bwana nditamuimbira anati ali pa msonkhano. Ndalama yopepesera mayi uja inachoka m'thumba mwanga. Kuyambira pamenepo galu aliyense wamkulu ndimamuvala chotseka pakamwa tikamadutsa pomwe pali anthu, ndipo nthawi yomwe ana akupita kusukulu sindituluka naye.

Madala a ku Bangwe

Waona? Ameneyo anali ndi galu mmodzi, n'chifukwa chake anakwanitsa kumugwira. Akanakhala awiri bwenzi tikukamba nkhani ya ku polisi. Galu mmodzi mmodzi.

Aunt a ku Machinjiri

Madala, ulemu wanu, koma mmodzi mmodzi sitingadye. Ine ndimachoka ku Machinjiri kusanache, minibasi mpaka m'tauni, kenako wapansi kukafika ku Mandala. Nthawi yabwino yoyendetsa ndi yochepa, dzuwa lisanakwere ndi likamapendeka basi. Mabwana onse amafuna nthawi yomweyomweyo. Ndikatenga mmodzi mmodzi, wachitatu ndimutulutsa dzuwa lili paliwombo, ndipo mu Okutobala phula limawotcha mapazi agalu mpaka kutuluka matuza. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thiransipoti yakwera kangapo, koma mabwana ambiri akulipirabe mtengo wakale. Ukawauza zokweza amati mnyamata wa m'dimba akhoza kumayendetsa ulere. Ndiye awiri ndimatenga, koma okhawo a nyumba imodzi, odziwana, ndiponso osati akuluakulu onse.

Pa za kudulidwazo achimwene, musavomere msanga, komanso musakalipe. Dikirani bwana mtima utsike, mupemphe kukhala nawo pansi, adona aliponso ngati n'kotheka, nthawi zambiri iwo ndi amene amamva. Muwakumbutse mwaulemu kuti njira anasankha ndi iwo, galu anali pa tcheni, ndipo inu munavulala pomuteteza. Akaumirira, pemphani kuti mugawane ndiponso azichotsa pang'onopang'ono, osati mwezi umodzi.

Mnyamata wa ku Ndirande

Zoona aunt. Ndipo zimenezi zimafunika kugwirizana usanayambe ntchito. Ine masiku ano ndimalemba pa WhatsApp tsiku loyamba: masiku, nthawi, njira, ndalama, ndi kuti galu akavulala ali pa tcheni ya kwa dokotala ndi ya mwini, akavulala nditamumasula ndi yanga. Bwana akayankha kuti chabwino, uthengawo ndimasunga. Malipiro ndimakonda a pa Airtel Money kapena Mpamba, umboni umatsala. Khadi la katemera ndimalijambulanso pa foni. Wopanda khadi sindimugwira, ngakhale bwana alumbire bwanji.

Achimwene a ku Zingwangwa

Pa agalu oyendayenda: ambiri a kuno amaopa munthu. Ukawerama ngati ukutola mwala amabwerera okha, anazolowera kugendedwa. Koma akakhala kuti akulondola wamkazi saona chilichonse, pamenepo ingotembenukani mudakali patali, osathamanga, galu wanu mumuike mbali yomwe kulibe iwowo, tcheni chifupikitseni. Pa dzala, kuseri kwa malo ogulitsa kanyenya ndi tchipisi, ndi pafupi ndi misika, pamenepo ndi kwawo, m'mawa kwambiri amakhala alipo. Ndipo ikabuka ndewu dzanja lisapite kukhosi kapena kukamwa, ngakhale galu wokudziwani amaluma osazindikira. Madzi a m'botolo kumaso, kapena kukoka miyendo yakumbuyo ngati muli awiri. Muli nokha musayese kukoka wachilendoyo, akutembenukirani.

Amene saopa mwala, akuyenda mwa dzandidzandi, dovu kukamwa, kapena akuluma chilichonse, ameneyo musamuyandikire n'komwe, kauzeni a zoweta.

Achemwali a ku Soche

A Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya agalu katemera mu Blantyre muno kuyambira 2015, pamodzi ndi a boma, m'masukulu ndi khomo ndi khomo, mwaulere. Zathandiza kwambiri, koma ana agalu akubadwa tsiku ndi tsiku, ena akubwera nawo kuchokera kumidzi. Munthu asamati poti kunadutsa katemera ndiye galu aliyense wa m'njira ndi wotetezeka. Ife oyendetsa agalufe ndi amene tili kutsogolo kwenikweni. Achimwene a ku Chilomoni, mwanyamuka?

Madala a ku Bangwe

Zonse mukunenazi ndi zabwino, za mwala, za madzi a m'botolo. Koma mwalawo uutola ndi dzanja liti? Botolo ulitsekula ndi dzanja liti, manja onse ali ndi matcheni? Mwana wa ku Machinjiri akuti sitingadye. Ndamva. Koma tsiku limodzi lokha la ngozi limadya malipiro a mwezi wonse, taonani mnzathuyu. Kuli bwino nyumba zochepa, uzilipiritsa mokwera, mabwana adziwe kuti galu wawo ali yekha ndi iwe.

Aunt a ku Machinjiri

Madala, mabwana olipira mokwerawo mutipatseko ifenso. Ambiri anali azungu a m'mabungwe, kontirakiti ikatha amapita, galu n'kumusiyira mnzawo yemwe safuna woyendetsa.

Achimwene a ku Zingwangwa

Poti tikukamba za njira, mukamadutsa m'maudzu chenjeraninso ndi nkhupakupa mvula ikayamba. Njira za m'mphepete mwa Mudi ndi zokwera ku Michiru agalu amazikonda, koma pobwera muziwaona m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Galu akayamba kukana chakudya, kufooka, nkhama kuyera, amenewo ndi matenda a nkhupakupa, amapha msanga, ndipo mlandu udzagwera inu amene munamutengera kutchire. Mphutsi zija zolowa pakhungu nazonso ndi nyengo yake, musamulole kugona pa dothi lonyowa pamthunzi.

Mnyamata wa ku Ndirande

Amwene a ku Zingwangwa, inu mumagwiritsa dipi wosambitsa kapena mankhwala odontheza pamsana aja? Bwana wanga wina akufuna ndizisambitsanso agalu Loweruka, koma sanatchule zoonjezera ndalama. Kusambitsa mumalipiritsa padera?

Madala a ku Bangwe

Padera. Ndipo dipi usayeze ndi maso, tsata muyezo wolembedwa pabotolo, ukachulutsa galu amaledzera mpaka kufa. Posambitsaponso mmodzi mmodzi, winayo akhale m'khola.