Zithunzi za madiresi zikugona chammbali, tsamba nalo likulemera

wa_ku_Randburg

Akuluakulu, mwaswera bwanji? Paja safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndisanaponye laputopuyi pawindo. Ndikupangira webusayiti mayi ena akwathu amene amasoka madiresi a zitenje kuno ku Joni. Makasitomala awo ena ali konkuno, ena ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, katundu amapita pa basi. Mayiwa amajambula okha ndi foni, n'kuika zithunzi kudzera pa kafomu kamene ndinawapangira, kenako kuseva pulogalamu yokonza zithunzi yotchedwa sharp imazichepetsa kufika mapikiselo 1200 m'lifupi.

Ndiye zithunzi zina zikugona chammbali. Pafoni pawo diresi laima bwinobwino, koma patsamba khosi lili kumanzere, mpendero kumanja. Si zonse ayi, pa 46 zagona 17. Kuwonjezera apo tsamba likuchedwa kutseguka. Ine pa fibre ya kuntchito sindinaone vuto, koma mchemwali wawo wa ku Area 25 akuti anadikira mpaka kutopa, bandulo ikungopita. Lachisanu akufuna kulengeza pa Facebook poti nyengo ya zinkhoswe yafika. Ndithandizeni.

madala_a_PHP

Aise, usadzivutitse. Zogonazo uzipatse class yawoyawo, uike transform: rotate(90deg) mu CSS, nkhani yatha. Lachisanu lili pafupi.

mlongo_wa_ku_Mayfair

Madala, pepani, pamenepo ndikana. transform imatembenuza zimene maso akuona, koma malo amene chithunzi chatenga patsamba amakhala akale omwe aja, ndiye diresi lidzakwera pamwamba pa mtengo wake. Komanso mayiwo akaika zina khumi mawa, adzadzuka usiku ndani kukaika class?

Achimwene a ku Randburg, ndifunse kaye. Zithunzi 17 zimenezo zinafika bwanji? Ndipo zimene zili bwinozo, sizinadutse pa WhatsApp?

wa_ku_Randburg

Achemwali, mwalodza kapena? Zoimirira bwinozo ndi zimene ananditumizira pa WhatsApp poyamba, ndinaziika ndekha. Zogonazo ndi zimene aika okha kuchokera mufoni sabata ino. Zina mwa zimene aika okha zili bwino, koma ndaona kuti ndi za nsalu zoyala patebulo, zimene anajambula foni itagona.

mlongo_wa_ku_Mayfair

Palibe ufiti apa, ndi EXIF, timauthenga timene kamera imalemba mkati mwa fayilo ya chithunzi. Munthu akajambula foni itaima, mafoni ambiri satembenuza chithunzicho. Amachisunga chogona monga mmene kamera yachionera, n'kulemba kachizindikiro mkati mwa fayilo kotchedwa Orientation, konena kuti woonetsa atembenuze. Nambala zake zimayambira 1 kufika 8. Ikakhala 1 palibe chotembenuza, ndipo foni yoima kawirikawiri imalemba 6. Gallery ya pafoni imawerenga kachizindikiroko, ndipo ma browser a masiku ano amawerenganso, Chrome anayamba zimenezi pa img mu 2020.

Tsono sharp ikachepetsa chithunzi imataya timauthenga tonseti (metadata) pokhapokha mutaiuza kuti isunge. Ndiye chithunzi chatsala chogona, ndipo kalata yonena kuti chiimitsidwe yatayidwa m'njira. Browser ilibe mlandu, ikuonetsa zimene yapatsidwa. Za pa WhatsApp zinapulumuka chifukwa WhatsApp imatembenuziratu n'kupanga fayilo yatsopano musanailandire.

Mankhwala ake ndi mawu amodzi. Ikani .rotate() yopanda nambala mkati, isanafike .resize(). Ikakhala yopanda nambala, sharp imawerenga Orientation n'kutembenuza chithunzi chenichenicho.

madala_a_PHP

Chabwino mlongo, ndagonja. Koma bwanji osangoiuza kuti isunge metadata? withMetadata ilipo.

mlongo_wa_ku_Mayfair

Ingagwire, koma ine sindingachite zimenezo pa ntchito iyi. Mu EXIF simukhala Orientation yokha. Ngati location inali yoyatsa, mumakhalanso GPS ya pamalo pamene anajambulira. Mayiwa ayenera kuti akujambulira kunyumba kumene kuli makina osokera ndi katundu yense. Kuno ku Joni mukufuna aliyense wotsitsa chithunzi adziwe geti lawo? Isiyeni sharp izitaya, ingotembenuzani kaye.

wa_ku_Randburg

Ndaika rotate, ndayesa ndi chithunzi chatsopano, chaima. Koma 17 zija zidakagona.

kamnyamata_ka_Braam

Sizingadzuke zokha bwana. Zimene zili paseva ndi zochepetsedwa kale, EXIF inapita, ndiye rotate ilibe chowerenga. Muyenera kuzipanganso kuchokera ku zoyambirira. Munasunga?

wa_ku_Randburg

Apa ndiye ndachita manyazi. Code yanga imafufuta choyambirira ikangomaliza kuchepetsa, ndinkati ndikupulumutsa malo pa hosting. Mwamwayi mayiwo sanafufute mufoni. Ndawaimbira, akuti ndipite madzulo ndikatenge ndekha, iwo alibe nthawi yobwereza, ali ndi madiresi asanu ndi atatu a operekeza mkwatibwi ofunika Loweruka. Ndikwera taxi ndikaweruka.

kamnyamata_ka_Braam

Mukatenge ndi chingwe, kapena atumize ngati document. Ndipo kuyambira lero zoyambirira muzisunga mu foda ina imene anthu sangaifikire. Tsiku lina mudzafuna saizi ina, mudzazifuna.

Tsopano za kulemera. Ndatsegula tsamba lanu mu DevTools, zida zofufuzira tsamba za mu browser, pa Network ndasankha Img. Zithunzi zonse 46 zikubwera nthawi imodzi, chilichonse pafupifupi 400 KB, ndiye munthu akulipira cha m'ma 18 MB kuti aone tsamba limodzi. Chimene chandipweteka n'chakuti pafoni mwaika madiresi awiriawiri pamzere. Foni ya 360 m'lifupi, diresi lililonse likutenga malo osakwana 180. Ngakhale sikirini ikhale yakuthwa yofuna katatu, ndi 540 basi. Inu mukutumiza 1200.

Sharp ipange masaizi atatu, tinene 320, 640 ndi 1200, kenako:

`<img src="diresi-640.webp" srcset="diresi-320.webp 320w, diresi-640.webp 640w, diresi-1200.webp 1200w" sizes="(max-width: 600px) 50vw, 300px" width="640" height="853" alt="Diresi la chitenje chofiira, manja aatali" loading="lazy">`

srcset ndi mndandanda wa masaizi amene browser isankhepo. Pamene ambiri timagwa ndi pa sizes. Browser imayamba kusankha chithunzi isanadziwe mmene CSS iyalire tsamba, ndiye mukapanda kuiuza imangoganiza kuti chithunzi chidzadzaza sikirini yonse, 100vw, n'kutenga chachikulu. Ine ndinakhala masiku awiri ndikutukwana srcset kuti sigwira ntchito, pomwe wolakwa ndinali ine.

mlongo_wa_ku_Mayfair

Ndionjezere pa width ndi height zimene mwanayu walemba, chifukwa ena amaziona ngati zachikale n'kuzichotsa. Browser imagwiritsa ntchito manambala awiriwo kusungiratu malo chithunzi chisanafike. Mu CSS muike max-width: 100% ndi height: auto, chidzakhalabe chotambasuka malinga ndi sikirini. Mukazisiya, pa netiweki yofooka munthu akuti adine batani la WhatsApp, chithunzi chatulukira pamwamba, batani lathawira pansi, wadina diresi lina. Google imayeza kudumphadumpha kumeneku, amati CLS, ndipo amafuna isapitirire 0.1. Manambalawo muwatenge kwa sharp ikamaliza kutembenuza, osati a fayilo yoyambirira, apo ayi mudzasinthanitsa m'lifupi ndi m'litali pa zithunzi zomwe zija 17.

madala_a_PHP

Pa WebP pokha, mtundu wa fayilo ya chithunzi umene walemba mu code muja, ndili ndi mantha. Ndinapsa nayo kale, kasitomala wa iPhone anangoona timabokosi topanda kanthu, anandiimbira ndili mu tchalitchi.

kamnyamata_ka_Braam

Chinali chaka chanji madala? Safari inayamba kuonetsa WebP mu 2020, pa iOS 14. Panopa ndi mafoni ochepa kwambiri amene angakane. Ngati mtima sukukhazikika, kutirani mu picture, source ya WebP pamwamba, img ya JPEG pansi, browser isankha yokha. Ine ndikanapita mpaka AVIF, imachepa kuposa pamenepo, Chrome ili nayo kuyambira 2020, Safari kuyambira 16.

mlongo_wa_ku_Mayfair

AVIF ndi yabwino, koma osati sabata ino. Kupanga fayilo ya AVIF kumadya nthawi ndi mphamvu ya seva kuposa WebP, ndipo achimwenewa ali pa hosting yotchipa. Mayi aike zithunzi khumi nthawi imodzi, chilichonse masaizi atatu, kafomu kaja kadzangozungulira mpaka iwo aganize kuti kafa n'kudinanso. Komanso chitenje si khoma loyera. Chili ndi timizere ndi timadontho tambirimbiri, ndipo mukafinya kwambiri, mtundu uliwonse wa fayilo umapaka timaluwa tija ngati phala. Munthu wogula diresi la chinkhoswe amakuza chithunzi ndi zala kuti aone nsalu. Yambani ndi WebP pa quality 80 imene sharp imaika yokha, mutsike pang'onopang'ono mukuyang'ana chitenje chovuta kwambiri pafoni yeniyeni, osati pa laputopu.

wa_ku_Randburg

Ndabwerako. Ndapeza zithunzi zonse, ndadyanso nsima ya usipa umene unabwera pa basi dzana, ndiye ulendo sunapite pachabe. Ndapanga zonse mwanenazi, usiku wonse. Tsamba loyamba tsopano likutsitsa zosakwana 1 MB munthu asanayambe kutsika pansi. Koma PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, ikundipatsabe LCP (nthawi imene chinthu chachikulu chapamwamba pa tsamba chimatenga kuti chioneke) ya masekondi 4 pa mobile, pomwe amafuna 2.5. Ndalakwitsanso pati?

kamnyamata_ka_Braam

Ndaona. Zinthu ziwiri, ndipo chimodzi ndi mlandu wanga chifukwa sindinachenjeze. Mwaika loading="lazy" paliponse, ndi pa madiresi a mzere woyamba omwe. Lazy ndi ya zithunzi zimene zili pansi, zosaoneka tsamba likangotseguka. Mukaika pa zapamwamba, browser imadikira kaye iyale tsamba kuti idziwe ngati zikuoneka, ndiye mwazichedwetsa dala. Chotsani pa zinayi zoyambirira.

Chachiwiri ndi chithunzi chachikulu chapamwamba chija, cha mayi atatu ovala zofanana. Mwachiika ngati background-image mu CSS. Browser singachione mpaka itatsitsa CSS n'kuiwerenga, ndipo srcset sichikhudza, ndiye foni ikutengabe cha 1200 cha JPEG. Chisandutseni img wamba ya srcset yake, muikepo fetchpriority="high", mawu aja muwakhazike pamwamba pake ndi CSS.

madala_a_PHP

Ndipo musayese pa fibre ya abwana anu. Zimitsani WiFi, muyese ndi data ya MTN kapena Vodacom mutakhala mu taxi. Kuposa apo, tumizani link kwa mchemwali wa ku Area 25 uja, ndiye woweruza weniweni. Mumugulireko kabandulo ka Airtel kapena TNM, musamudyere kawiri.

wa_ku_Randburg

Madala apa mwanena zoona, ndamutumizira. LCP yatsika kufika 2.3. Mchemwali uja wayankha kuti latseguka asanamalize kuthira madzi mu ketulo, ndipo wafunsa mtengo wa diresi lobiriwira.

Koma mayi aimba m'mawa uno ali okwiya pang'ono. Akuti ndadula mitu ya anthu awo. Ndinaika object-fit: cover ndi aspect-ratio ya 1 / 1 kuti timabokosi tifanane, ndiye pa zithunzi zimene wavala ndi munthu, duku lonse lapita, chatsala ndi chibwano kutsika. Iwo akuti duku ndi mbali ya chovalacho, amalipiritsa palokha.

mlongo_wa_ku_Mayfair

Akunena zoona mayiwo. cover imadzaza bokosi n'kudula zotsala, ndipo imayambira pakati, ndiye pa chithunzi choima imadya kumutu ndi kumapazi mofanana. Mukhoza kuika object-position: top kuti izidula pansi pokha, koma pamenepo mutaya mpendero, adzaimbanso. Bokosi la sikweya silikugwirizana ndi katundu wawo. Kamera ya foni imajambula 3 kwa 4 ikaima, ndiye pangani aspect-ratio: 3 / 4, palibe chodulidwa. Zithunzi za nsalu zoyala patebulo zija ndi zimene zidzadulidwe m'mbali, koma chitenje chikadulidwa m'mbali palibe amalira.

Chinanso ndisanaiwale, mwana wawo akadzawathandiza kujambula ndi iPhone mungadzalandire mafayilo a HEIC, mtundu umene iPhone imasungira zithunzi. Sharp imene timaika ndi npm siwerenga HEIC, ndipo Chrome sionetsa. Kafomu kanu kazikana ndi uthenga womveka, m'Chichewa, osati kungofa chamumtima. Pa iPhone apite ku Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, izijambula JPEG.

wa_ku_Randburg

Ndasintha kukhala 3 / 4, maduku abwerera, mayi aseka. Uthenga wa HEIC ndauika. Zikomo nonse, Loweruka amene ali pafupi ndi Randburg fanta ndi yanga.

Angonditumizira kavidiyo ka 60 MB ka mtsikana akuzungulira ndi diresi, akuti kaikidwe pamwamba penipeni, kazisewera kokha ndi nyimbo yake.

kamnyamata_ka_Braam

Nyimboyo aiwale, ma browser salola vidiyo kudziyambira yokha ndi mawu. Ikufunika muted, ndi playsinline kuti pa iPhone isadzaze sikirini. Koma musaike pamwamba, mubweza mavuto onse a dzana aja. Ikani pansi ndi poster ndi preload="none", wofuna adine yekha. Nditumizireni fayiloyo, ndiipanikiza ndi ffmpeg ndikafika kunyumba.