Mlendo akubwera ku Osaka, tipite naye kuti?

Bambo a Chisomo (Higashiosaka): Moni nonse pano. Alamu anga akutera pa Kansai Airport Lachinayi, akubwerera msonkhano, koma Loweruka ndi Lamulungu alibe chochita. Ine kuno ndimangodziwa njira ya kufakitale ndi ya kutchalitchi basi. Ndiwatengere kuti kosaboola thumba?

Mayi a Tadala (Sakai): Choyamba achimwene, akangotera muwagulire khadi ya ICOCA pa makina a JR pomwepo pa eyapoti. Akwera nayo sitima, basi, ngakhale kugulira madzi mu konbini, timasitolo tija tosatseka usiku. Kulimbana ndi matikiti pa siteshoni ya Umeda muli ndi mlendo, mungakanganepo.

Mjomba wa ku Kobe: Nanga JR Pass ija, tikiti yokwerera sitima za kampani ya JR mopanda malire kwa masiku angapo?

Mayi a Tadala: Ija ndi ya alendo okha, ife a residence card satigulitsa. Ndipo pa masiku awiri ozungulira konkuno ndi kutaya ndalama. Loweruka pitani ku Nara. Kwerani sitima ya Kintetsu pa Osaka-Namba, ndi mphindi pafupifupi 40, ndipo siteshoni yake ili pafupi ndi paki kuposa ya JR. Agwape ake ndi opitirira 1,000, amangoyenda pakati pa anthu. Pali mabisiketi awo otchedwa shika senbei, mtolo ndi 200 yen. Mukagula muwapatse msanga, chifukwa mukamachedwa ndi kujambula amakoka malaya, ena amagunda ndi mutu. Mapepala ndi mapulasitiki muike m'chikwama, amadya n'kudwala nawo. Akakuzingani muwaonetse manja opanda kanthu, amachoka okha.

Achemwali a ku Ibaraki: Mukafika kumeneko musabwerere pa agwape pokha. Lowani mu kachisi wa Todaiji. Chifanizo cha Buddha chili m'menemo ndi cha mkuwa, chotalika mamita pafupifupi 15, ndipo mwambo wochitsegulira unachitika mu 752, nthawi imene Nara inali likulu la Japan. Kumbuyo kwake kuli nsanamira yokhala ndi bowo pansi, ana asukulu amakhala pa mzere kukwawiramo. Alamu anuwo ngati ali ndi kamimba asayese.

Bambo a Chisomo: Kkkkk kamimba kalipo. Nanga chakudya? Munthu wake popanda nsima amati sanadye.

Mjomba wa ku Kobe: Pobwerera ku Nara tsikirani pa Tsuruhashi, njanji yake ndi yomweyo. Fungo la nyama yootcha mulimva musanatuluke pa siteshoni. Ndi dera la anthu ochokera ku Korea. Itanitsani horumon, ndi zam'mimba za ng'ombe, chifu, matumbo, chiwindi, mumaotcha nokha patebulo. Ndi zotsika mtengo kuposa nyama ya mnofu, ndipo Mmalawi sangazikane. Mpunga wambiri pambali, za nsima aiwala kaye.

Achemwali a ku Ibaraki: Koma ayese ndithu za eni dziko. Madzulo mupite nawo ku Dotonbori, ajambulitse pa chikwangwani cha Glico, adye takoyaki. Muwauziretu kuti m'katimo muli octopus, komanso kuti kunja imaoneka yozizira pomwe m'kati ndi moto, anthu amapsa lilime. Ku Shinsekai kuli kushikatsu, nyama ndi masamba zokazinga pa kamtengo. Ngati msuzi uli m'mbale ya onse, mumaviika kamodzi kokha, choluma kale sichibwereramo. Eni sitolo amadzudzula osayang'ana nkhope.

Mjomba wa ku Kobe: Funsani kaye ngati amadya nkhumba. Okonomiyaki, chikondamoyo chija cha kabichi, yambiri imakhala ndi nkhumba, ramen nayonso msuzi wake nthawi zambiri ndi wa mafupa a nkhumba ngakhale nyama isaoneke. Mawu okanira nkhumba ndi "butaniku nashi", koma pa msuzi sizithandiza, ndi bwino kungosankha zina. Ngati ndi Msilamu bwerani nawo kuno. Mzikiti wa ku Kobe ndi wa 1935, wakale kuposa yonse mu Japan, ndipo pafupi pake pali masitolo a halal. Kuchokera ku Osaka kufika Sannomiya ku Kobe pa sitima yothamanga ya shinkaisoku sipakwana theka la ola.

Bambo a Chisomo: Ndi a Seventh Day, nkhumba ayi, octopus nayonso ayi. Ndiye Loweruka tidzayamba taona. Kyoto titha kuiphatikiza ndi Nara Lamulungu?

Mayi a Tadala: Ayi bambo, mudzangoona sitima tsiku lonse. Sankhani kumodzi. Ngati mtima uli ku Kyoto, kwerani Keihan pa Yodoyabashi mukatsike pa Fushimi-Inari, kuja kuli zipata zofiira zambirimbiri zokwera phiri. Kulowa ndi ulere ndipo satseka, koma mufike 7 koloko isanakwane, ikamati 10 simungapeze poponda. Ine ndikanasankha Nara, munthu amapumako. Osaka Castle mutha kudutsako Lachisanu madzulo, paki yake ndi yaulere. Nsanjayo ndi yomangidwanso mu 1931, ya konkire, m'kati muli elevator, ndiye kuionera panja kumakwana.

Achemwali a ku Ibaraki: Za kunyumba musavutike. Mu supamaketi muli niboshi, timsomba touma tokhala ngati usipa, mukatikazinga ndi tomato ndi anyezi alamu sadandaula. Therere lilipo, amati okura, komatsuna ilowa m'malo mwa mpiru. Pitani usiku sitolo ikatsala pang'ono kutseka, amamata sitika ya hangaku, theka la mtengo. Ufa ndili nawo, ndikupatsani pa Umeda Lachitatu ndikaweruka.

Mjomba wa ku Kobe: Pasipoti ayende nayo nthawi zonse, inunso residence card yanu, ndi lamulo ndipo apolisi amafunsa. Pa escalator kuno timaima kumanja, osati kumanzere ngati ku Tokyo. Tipu asasiye, amuthamangira nayo panja. Sitima zimatha cha m'ma 12 usiku, mukaiphonya taxi ya ku Higashiosaka idya ndalama ya horumon yonse.

Bambo a Chisomo: Zikomo kwambiri abale. Achemwali, pa Umeda geti iti? Pajatu ndi zambiri.

Achemwali a ku Ibaraki: Ya Hankyu, pansi pafupi ndi sitolo ya mabuku ya Kinokuniya, 7 koloko. Mubwere ndi chikwama cholimba.